Ndege ya Mkamwini wa ku Nchema

Ana anga, Joyisi ndi Madalitso, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene sindigulitsira chinjinga chamoto chofiira chili m'kanyumba ka pachitunda paja. Joyisi amati ndakalamba, tsiku lina chidzandigwera. Madalitso amati petulo amene chimamwa akhoza kuphunzitsa mwana sukulu. Nonse mukunena zoona. Koma pakamwa ndimalephera kukuyankhani, chifukwa ndikangoti ndiyambe kufotokoza, maso anu amatsikira pa foni. Ndiye ndati ndilembe. Mudzawerenga tsiku limene magetsi adzazime.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: dibi la ku Mbulumbuzi

Ntchito yanga yoyamba inali yoyang'anira dibi, chidziwe chija tinkasambitsiramo ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Sukulu ndinalekezera sitandade 8. Ndimauza anthu kuti vuto linali fizi, ndipo aphunzitsi amene akanatha kunditsutsa anamwalira onse. Zotsalazo ndinadziphunzitsa ndekha powerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: nyuzipepala zokulungira sopo, zolemba za pa zigubu za mankhwala, ngakhale Baibulo la Chingerezi limene linalibe chiyambi chifukwa cha chiswe. Bwana wanga woyamba, a Matewere, anali munthu wachete, wodana ndi kuchedwa. Anandipeza tsiku lina ndikuwerenga chigubu ng'ombe zikudumphira m'madzi zokha, nangoti, "Mukamaliza mutu umenewo mundiuze, tione ngati ng'ombe zilipobe." Alimi sankavutika ndi dzina langa. Ankangonditcha a Dibi, ndipo dzinalo lakhala mpaka lero, pomwe madibi enieniwo anauma kalekale.

Padibi pomwepo ndi pamene ndinaonera mayi anu, Esinati, atabwera kudzacheza kwa abale awo. Kwawo kunali ku Nchema, ndipo monga mwa mwambo wathu, ine ndi amene ndinayenera kukakhala kumeneko, kuchikamwini. Ukwati utayandikira, malume anga ananditengera kuseri kwa khola nandiuza mawu amene ndayenda nawo moyo wanga wonse. Anati, "Kumene ukupitako, nthaka si yako. Mtengo ukabzala, ndi wa mkazi. Nyumba ukamanga, ndi ya mkazi ndi ana, ndipo anawo ndi a mbumba ya eni mudzi. Mlendo ndi mame, mphwanga. Chako ndi chokhacho chimene ungachoke nacho tsiku limene adzakuuze kuti pita." Malumewo anali atabwezedwa kuchikamwini kawiri, ndiye ankalankhula za ntchito imene ankaidziwa. Sindinakhale ndi chifukwa choopera abale a mayi anu, koma mawuwo anandilowa ngati minga ya m'chidendene, yosaoneka koma yomveka ukaponda.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: ku Boma

Nditachita kosi yaifupi anandikweza kukhala mlangizi wa ziweto, nanditumiza ku ofesi ya ku Boma. Njinga yamoto ya ofesi inalipo imodzi, alangizi tinalipo ambiri, ndipo kiyi ankagona m'thumba la bwana watsopano, a Nyirongo, munthu wa kumpoto wokonda kuseka mokweza. Nthawi yomweyo mzungu wina wophunzitsa pa sukulu ya mishoni, amene ndinkamubayira galu wake, anali kubwerera kwawo ndipo ankafuna kusiya njinga yake. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri zimene bambo anga anandisiyira, ndikuigula. Ng'ombe zinali kwathu ku Mbulumbuzi, njinga ndikanatha kugona nayo pafupi. Mawu a malume aja anali atapeza matayala.

Munaizolowera, ndiye simudziwa mmene inkaonekera masiku amenewo. Sinali ngati timinjinga ta alangizi tija ta miyendo yaitali todumpha mizere. Inali yaikulu, yolemera ngati ng'ombe yamthena, ya mimba yotsika, yokhala ndi chotchinga mphepo kutsogolo ndi mabokosi awiri kumbuyo. Ana a ku Nchema atangoiona anakuwa kuti ndege, ndipo dzina linakhala lomwelo. A Nyirongo anaizungulira, naseka mpaka kugwira khoma. "A Dibi, mwagula nsomba kuti iziyenda pamtunda! Iyi ndi ya msewu wa tala. Ng'ombe zanu zimadwalira pa tala?" Sanalakwitse. Sabata yoyamba yomwe, mwala wa m'njira ya ku Nchema unaboola mimba yake, oyilo yense n'kuthera pansi. Ndinaikankha mpaka kunyumba, ana ali pambuyo kuimba.

Mzungu uja anandisiyiranso buku lake lokonzera, lonenepa ngati njerwa. Ndinaliwerenga lonse, dikishonale ili pabondo, ndipo linanditengera dzinja lathunthu. Linkati njingayi anaipangira maulendo ataliatali odutsa mayiko. Ine ulendo wanga wodutsa mayiko unali wa ku Limbe. Kumeneko ndi kumene ndinapeza Che Yusufu, makaniko amene anandiphunzitsa zimene buku silinadziwe zokhudza fumbi la kwathu kuno. Iwo ndi amene anadula chitsulo cha mgolo n'kuchimangirira kumimba kwa njinga kuti miyala izigunda pamenepo. Anandiphunzitsa kutsuka tcheni m'palafini Loweruka lililonse, n'kuchipaka oyilo ndi nthenga ya nkhuku. Njingayi ili ndi makabuleta anayi, tizigawo tosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo onse amayenera kupuma mofanana. Buku linkanena za chipangizo choyezera chimene m'dziko muno munalibe. Che Yusufu ankangotenga kapaipi, mbali ina kukhutu, ina pa kabuleta. "Mverani, a Dibi. Atatuwa akuimba kwaya, uyu akuimba za kwawo. M'bwezeni." Ndinaphunzira kumvera choncho, ndipo mpaka pano khutu langa lakumanja limamva makabuleta bwino kuposa mmene limamvera ulaliki.

Loweruka lililonse ndinkakhala pabwalo ndi beseni la palafini. Amalume anu a Lapukeni, mchimwene wawo wamkulu wa mayi anu, amenenso ndi mwini mbumba pamudzi pano, ankabwera ndi kampando kawo kudzaonerera. Sankagwira kanthu. Ntchito yawo inali pakamwa. "Alamu, munthu wopukuta njinga chonchi ali ndi ulendo mumtima. Mutiuziretu tsiku lake, tikuphereni nkhuku." Ine ndinkaseka nawo. Koma panali chinthu chimodzi chimene anachiona, nachisunga: sindinkalowa m'mudzi thanki isanadzaze. Ngakhale mwezi ukhale pakati, sopo atatha, ndinkayamba ndadzera pothirira mafuta. Mkamwini sadziwa tsiku lake.

Zaka za m'ma 1990: chitunda

Mankhwala a dibi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako analekeratu. Ntchito inasintha. M'malo moti ng'ombe zibwere kwa ife, ife ndi amene tinayamba kuzitsatira khomo ndi khomo, makamaka zamkaka zimene alimi anayamba kuweta m'makola. Ananditumiza kudera la konkuno ku Nchema, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kugona pakhomo tsiku lililonse. Katemera ankasowa, majekeseni tinkawiritsa omwewo mpaka manambala kufufutika, malipiro ankabwera atatopa. Pakati pa zonsezo, batire la Ndege linafa.

Apa ndi pamene ndinadziwira chilema chachikulu cha njinga yanga. Ilibe kiki, chopondera chija cholizira ndi mwendo. Anaipanga yoliza ndi batani lokha, poganiza kuti kulikonse kumene ingapite batire lilipo. Che Yusufu anafunafuna Limbe yense, la msinkhu wake silinapezeke. Njira inatsala imodzi, yokankha. Ndiye chifukwa chake kanyumba kake kali pachitunda, osati pafupi ndi nyumba ngati mmene munthu wanzeru akanamangira. Koma kuchokera pakhomo pa kanyumbako kukafika pamene chitunda chimayambira kutsetsereka pali kamtunda kathyathyathya, ndipo munthu mmodzi sangakankhe chinjinga chimenechi n'kuchidumphira. Amene ankakankha anali mayi anu.

M'mawa uliwonse akachoka kumjigo ankatula ndowa, n'kumanga chitenje cholimba, n'kugwira mabokosi akumbuyo aja. Poyamba tinkagwa tonse atatu. Kenako anaidziwa njingayo kuposa ine. "Giya yachiwiri, bambo a Joyisi! Yoyambayo mufuna mundithyole msana?" Ikangolira, ankaima pamwamba pa chitunda manja ali m'chiuno, akupuma mwa wefuwefu, ine n'kumatsika osatha ngakhale kutembenuka kuti ndithokoze. Kumidzi kumene ndinkapita ndinkaimika pa chulu kapena potsetsereka, moti alimi anazolowera kuti a Dibi akabwera, njinga ili uko, iwo akubwera wapansi. Amayi anzawo kumjigo ankawaseka kuti anakwatiwa ndi wilibala. A Lapukeni nawo sanakhale chete. "Mlongo wanga, anthu amakankha mkamwini kamodzi kokha, osabwereranso. Iwe tsiku lililonse?" Mayi anu anawayankha akupukuta thukuta: "Achimwene, musiyeni apite. Chitunda chili kuno. Akakazimitsa kwina, akam'kankha ndani?"

Zinatero zaka zingapo, mvula ndi dzuwa. Batire litapezeka, lochokera ku Joni ndi dalaivala wina wa thiraki, ndinawauza kuti tsopano apume. Anavomera. Koma m'mawa mwake nditakwera, ndinamva dzanja kumbuyo. Sanakankhe ndi mphamvu, anangogunda pabokosi kamodzi ndi chikhatho, ngati mmene umachitira ndi ng'ombe yoti ituluke m'khola. Anapitiriza kutero mpaka chaka chimene anadwala.

Cha m'ma 2011: petulo atasowa

Mukukumbukira nthawi imene magalimoto ankagona pamzere kudikira mafuta. Ine inandipeza thanki ili yodzaza, monga mwa chizolowezi. Ndiye ndinatani? Ndinatseka kanyumba, ndikubwereka njinga yakapalasa ya a Lapukeni, ndikumapalasa kupita kwa alimi, mawondo akulira. Mayi anu anandiyang'ana tsiku lina ndikutsika movutikira, nati, "Petulo ali m'thanki, inu mukufa ndi kupalasa. Mukusungira ulendo uti?" Ndinati wadzidzidzi, wina akhoza kudwala. Anangoti "Eti," n'kupitiriza kusankha nandolo. Mafuta atayambanso kupezeka ndinakatsegula kanyumba, koma Ndege inakana kulira. Petulo wokhalitsa uja anali atasanduka ngati manyuchi, n'kutseka makabuleta onse anayi. Ndinawamasula, ndikuwatsuka kachidutswa ndi kachidutswa pa lichero lakale, a Lapukeni ali pakampando pawo. Bukulo linachenjeza za zimenezi, ndipo tsambalo ndinaliwerenga ndithu. Kuwerenga ndi kumva ndi ntchito ziwiri. Patapita zaka zochepa ndinapuma pa ntchito. Anzanga a ku ofesi anandipatsa wotchi ya pakhoma, kuti ndiziona bwino nthawi imene sindikupita kulikonse.

Chaka chimene mayi anu anatisiya

Za matenda ndi maliro simufuna kuti ndikuuzeni, munalipo. Chimene simunachione ndi cha miyezi ingapo pambuyo pake, mutabwerera ku ntchito zanu. Munangomva pa foni kuti mwambo wa kusudzula unayenda bwino. Kusudzula ndiko kumasula wamasiye: abale a malemu amamuuza kuti ukwati watha, ali ndi ufulu, ndipo akakhala mwamuna wa kuchikamwini, kawirikawiri amatenga zake n'kubwerera kwawo. Tsiku limene malume anga ananena lija linali litafika, ine ndili ndi imvi.

Azakhali anu Aginesi, mlongo wanga, anali atasesa kale kanyumba ku Mbulumbuzi. Anali ndi chifukwa chomveka. Kwathuko amuna akuluakulu anatha, ndipo mwini mbumba ndinayenera kukhala ine. Koma kunena zoona, ku Mbulumbuzi ndinkakudziwa ngati malo opitako pa maliro. Manda a mayi anu ali kuno. Mitengo yonse ya pakhomo pano ndinaiona ili nthangala. Komabe mkamwini sapempha kukhala. Akatero amasanduka nyimbo. Ndinatsuka tcheni, ndinapopa matayala, ndinalonga zovala ndi mabuku m'mabokosi awiri aja. Zinakwana, ndipo zinandidabwitsa kuti moyo wonse wa munthu n'kukwana m'mabokosi a njinga. Thanki inali yodzaza.

Tinakhala m'mawa pansi pa mtengo wa mapeyala, abale a mayi anu mbali iyi, Aginesi ndi ankhoswe anga mbali iyo. A Lapukeni analankhula mosaseka, mmene sindinawaonerepo. Anathokoza kuti ndinasamala mlongo wawo mpaka mapeto, kuti sindinatukwanepo munthu pamudzi, kuti ng'ombe zawo zonse ndinkazibaya ulere. Kenako anati, "Alamu, takumasulani. Mulibe mlandu pano. Zovala zanu, mabuku anu, khasu ndi nkhwangwa, tengani." Aginesi anawomba m'manja mwaulemu. Ine ndinayamba kudzuka.

"Koma njinga itsala," anatero a Lapukeni.

Ndinakhalanso pansi. Aginesi ndi amene anayamba kuyankha, mawu atakwera. "Pepani, bambo, njinga iti? Imeneyo inagulidwa ndi ng'ombe za bambo athu! Mudzi wonse wa kwathu ukudziwa. Kulanda kotereku n'kwa masiku ano?"

"Ng'ombe zinagula chitsulo, mayi," anatero a Lapukeni modekha. "Sitikukana. Koma chitsulocho chinafa pamudzi pano, tonse tikuona. Amene ankachidzutsa m'mawa uliwonse ndi mlongo wathu, ndi msana wake. Munda ndi wa amene waulima. Funsani mwini wakeyo ngati ndikunama."

Onse anatembenukira kwa ine. M'thumba la jekete ndinali ndi mapepala a njingayo, a dzina langa, ndipo ndikanawatulutsa nkhani ikanathera pomwepo. Mtima unandipweteka kwambiri, ana anga, sindikubisirani. Munthu amene ndinakhala naye pabwalo Loweruka lililonse ankandilanda chinthu chimodzi chokha chimene ndinkati n'changa. Ndinayang'ana kuchitunda kuti ndipeze mawu omuyankha. M'malo mwa mawu ndinaona kanjira kaja, kuchokera pakhomo pa kanyumba kukafika potsetsereka, kamene mpaka lero sikamera udzu bwinobwino. Kuti nditulutse mapepala, ndinayenera kunena pamaso pa anthu kuti thukuta la Esinati silinali kanthu. Ndinapisa m'thumba lina, ndikutulutsa kiyi.

"Sakunama," ndinatero. "Ndi ya Esinati. Ine ndinkangokwerapo."

Ndinaika kiyi pamphasa. Aginesi anagwira pakamwa. Ndinali nditayamba kale kuganiza za minibasi, ndi mmene ndinganyamulire mabuku aja pamutu kukafika kumsewu.

A Lapukeni anatola kiyiyo, namutembenuza uku ndi uku ngati sanaonepo chinthu chotere. "Zikomo, alamu. Tsono vuto lathu ndi ili. Mbumba yapeza njinga, koma pamudzi pano palibe wodziwa kuimvera ndi kapaipi kukhutu. Ine ndaonerera zaka zonsezi, palibe chimene ndinatolapo. Ikangokhala, mafuta amasanduka manyuchi, tinaona tonse. Katundu wa malemu sangawonongeke ife tikuyang'ana, anthu angatiseke. Ndiye tikufuna munthu woisamala. Malipiro palibe. Koma nyumba ilipo iyo, yopanda munthu, ndi munda wake." Anatembenukira kwa Aginesi. "Mayi, mwambo tatsata, mlongo wanu tam'masula. Ndi mfulu. Mwina mungatithandize kum'funsa ngati akufuna ganyu."

Kenako mayi wina wachikulire wa kumbali kwawo anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Aginesi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndi mlongo wanga, sanafunike kuti ndimuuze kanthu.

"Achimwene," anatero, "ndiye nkhani za mbumba kwathu azikamba ndani?"

"Azibwera," anayankha a Lapukeni ine ndisanatsegule pakamwa. "Tizim'bwereka njinga. Koma azibweza tsiku lomwelo, si yake."

Aginesi anapukusa mutu, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anthu a ku Nchema inu! Ndasesa nyumba pachabe. Achimwene, bwerani mudzanyamule nkhuku zanu ziwiri zimene ndinakusungirani, ganyu yopanda malipiroyo ingakupheni ndi njala."

Masiku ano

Tsono mwamva chifukwa chake sindingaigulitse. Si yanga. Kiyi amakhala pa msomali kwa amalume anu, ndipo ndikafuna kupita ku Boma kapena ku Mbulumbuzi ndimayenera kukapempha. Sapereka msanga. Amayamba afunsa kumene ndikupita, ndikabwera liti, ngati tcheni cha mlongo wawo ndachipaka oyilo, ndipo pofika pomaliza mafunso tiyi amakhala wafika. Che Yusufu anamwalira, zipangizo zikusowa kuposa kale, chotchinga mphepo ndinachisoka ndi waya m'malo atatu. Anyamata a kabaza amandipitirira pamsewu akundiimbira mabelu, ine ndili pa liwiro la munthu wopita kukapepesa maliro. Joyisi, usadandaule, pa liwiro limenelo ngakhale kugwa kumachitika mwaulemu.

Madalitso, za petulo usavutikenso mtima. Sabata yatha mnyamata wothira mafuta ku Boma, amene anandizolowera kale, anafunsa kuti, "Adha, tidzaze ngati kale?" Ndinamuuza kuti ayi, angothira wokwanira kukafika kunyumba.